Mmene ndimasefera mauthenga amalonda pa webusayiti yanga ya maphunziro

Ndine mphunzitsi wa masamu ndi fizikisi, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuyendetsa webusayiti imene ndimaikapo manotsi anga, mafunso oyeserera ndi mayankho ofotokozedwa pang'onopang'ono, kuti athandize ophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE. Zambiri zimene zili pamenepo n'zaulere, koma ndilinso ndi makalasi amadzulo olipira amene ndimaphunzitsa kudzera pa foni, ndipo makolo amanditumizira ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Malo osungirapo webusayiti pamodzi ndi dzina lake amalipiridwa m'madola chaka ndi chaka, choncho ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zinthu zimenezi unakwera tsiku limodzi pamene malipiro a makalasi anali omwe aja. Apa m'pamene ndinalembetsa ku Google AdSense kuti pa masamba anga pazioneka mauthenga amalonda, ine ndizipezapo kangachepe m'madola. Chichewa sichili pa mndandanda wa zinenero zimene AdSense imavomereza, koma poti maphunziro amene ndimalemba amaphunzitsidwa ndi kuyesedwa m'Chingerezi, nkhani ya chinenero sinanditsekereze.

Aliyense wofuna kuchita zimenezi ayenera kumvetsa asanayambe kuti mwini webusayiti sasankha yekha uthenga uliwonse umene ukuoneka pa tsamba lake. Iye amangopereka malo, ndipo nthawi iliyonse pamene munthu watsegula tsambalo, malowo amagulitsidwa pa okushoni imene imayamba ndi kutha tsamba lisanamalize n'komwe kutseguka. Zimafanana ndi belo la fodya pa okushoni ku Kanengo: ogula akachuluka mtengo umakwera, akachepa mlimi amangolandira zimene wapatsidwa. Kuyambira chakumapeto kwa 2021, wopambana pa okushoni ya AdSense amalipira mtengo umene iye mwini anatchula, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa 2024 eni mawebusayiti amalipidwa potengera kuoneka kwa uthenga, osati potengera kudina kwa owerenga monga zinalili kale. Pa ndalama imene wotsatsa walipira kudzera ku Google Ads, mwini webusayiti amalandira pafupifupi 68 peresenti, ndipo ndalamayo imatumizidwa ikakwana madola 100. Ndatchula zonsezi chifukwa wotsatsa aliyense amene mwamuletsa ndi wogula mmodzi amene mwamutulutsa mu okushoni, kotero kusefa kulikonse kumadya ndalama, kaya yochepa kaya yambiri, ndipo munthu ayenera kudziwa chimene akugula ndi ndalama imene akutayayo.

Mauthenga osafunika anandifika m'mitundu iwiri. Woyamba ndinaudziwa kudzera mwa mayi wina amene mwana wawo ali m'kalasi langa lamadzulo. Anandiimbira foni, napepesa kaye pondivutitsa, kenako anandifunsa ngati ine aphunzitsi ndikudziwa kuti mwana wawo akamawerenga manotsi a masamu pakumabwera chithunzi cha mnyamata atanyamula mpukutu wa ndalama, chomuuza kuti naye akhoza kulemera ndi foni yake yomweyo. Wachiwiri ndinauona ndekha: pa tsamba limene makolo amalembetserapo ana awo m'makalasi anga, pansi penipeni pa mitengo yanga, panali uthenga wa gulu lina lophunzitsa pa intaneti, lolonjeza maphunziro omwewo pa mtengo wotsikirapo. Poyamba zonse ziwiri zimaoneka ngati vuto limodzi, lakuti pa malo anga pali zinthu zimene sindikuzifuna, koma kathetsedwe kake n'kosiyana kwambiri. Uthenga wonyenga ana ndimauchotsa osayang'ana n'komwe kuti ukubweretsa ndalama zingati, pamene uthenga wa mnzanga wopikisana naye ndimayamba ndawerengera kaye, chifukwa nthawi zambiri iye ndi mmodzi mwa ogula olipira bwino pa malo anga.

Ndisanalongosole zida zimene ndimagwiritsa ntchito, pali lamulo limene liyenera kukhala m'mutu nthawi zonse: mwini webusayiti saloledwa kudina mauthenga amalonda a pa masamba ake, ngakhale cholinga chake chitakhala chongofuna kudziwa kumene uthengawo ukupita kuti auletse. Kudina kotere kumawerengedwa ngati kwachinyengo, ndipo kukhoza kuchititsa kuti mauthenga achepetsedwe kapena akaunti itsekedwe kumene, ndalama zimene zinali momwemo n'kubwezedwa kwa otsatsa. Si bwinonso kutuma mkazi wanu, mwana wanu kapena ophunzira anu kuti akudinireni, chifukwa kupempha anthu kudina nakonso n'koletsedwa. Ndikulimbikira mfundo imeneyi chifukwa chala chimathamanga munthu akakwiya, ndipo mphunzitsi amene waona chithunzi chosayenera pambali pa manotsi ake amafuna kudziwa nthawi yomweyo kuti mwini wake ndani.

Chinthu china chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti zimene ine ndikuona pa foni yanga si zimene wophunzira wanga akuona pa yake. Mauthenga ena amasankhidwa potengera mawu a pa tsamba, ena potengera dera limene munthu ali, ndipo ena potengera zimene munthuyo wakhala akufufuza pa intaneti masiku apitawo. Ine nditatsegula tsamba limene mayi aja ananena, ndinapeza uthenga wa mayunivesite akunja ndi wa makompyuta, pakuti zimenezo n'zimene ndimafufuzafufuza. Chithunzi cha mpukutu wa ndalama chija sichinabwere ngakhale kamodzi. Owerenga anga ena ali ku Johannesburg ndi ku Lusaka, ana a Amalawi amene akufuna kudzalemba mayeso kumudzi kuno, ndipo iwo amaona mauthenga a otsatsa a m'maiko amenewo, amene ine nditakhala ku Lilongwe sindingawaone mpang'ono pomwe. Choncho kuyendayenda pa webusayiti yanu n'kumati zonse zili bwino sikutsimikizira kanthu.

Malo oyenera kuyang'anako ali mkati mwa akaunti ya AdSense, pansi pa gawo lotchedwa Brand safety, ndipo dzina lake ndi Ad review center. Mmenemo mumaoneka mauthenga amene aonekapo pa masamba anu, kulikonse kumene owerenga ali, ndipo mukhoza kuwatsegula ndi kuona adiresi ya kumene akupita popanda kuwerengedwa kuti mwadina. Mukhoza kufufuza polemba mawu a mu uthengawo, kapena adiresi ya wotsatsa, kapenanso poika chithunzi. Njira yomalizayi ndiyo inandithandiza pa nkhani ya mayi aja: ndinawapempha kuti uthengawo ukadzaonekanso ajambule sikirini osakhudza uthenga weniweniwo, anditumizire pa WhatsApp, ndipo nditadula chithunzicho n'kuchiika pofufuzira, ndinaupeza pamodzi ndi ena angapo ofanana nawo ochokera kwa wotsatsa mmodzi. Ad review center imalola kuletsa uthenga umodzi, kuletsa ndi kuunena kwa Google ngati ukuswa malamulo, kapena kuletsa akaunti yonse ya wotsatsayo. Kwa anthu amtundu umenewu ine ndimaletsa akaunti yonse, chifukwa kuletsa chithunzi chimodzi sikuthandiza: mawa lake amangosintha mtundu wa malaya a mnyamata uja ndi mawu awiri atatu, uthenga n'kubweranso ngati watsopano.

Komabe kuletsa mmodzimmodzi ndi ntchito yosatha ngati simunatseke kaye magulu athunthu. Pansi pa Blocking controls pali mndandanda wa magulu amene Google imawatcha Sensitive categories, ndipo apa m'pamene mphunzitsi, m'busa, kapena aliyense amene owerenga ake ndi achinyamata ayenera kukhala pansi n'kuwerenga modekha. Magulu awiri, la juga ndi la mowa, amakhala oletsedwa kale akaunti ikamatsegulidwa, ndipo amaoneka pokhapokha mwini atawalola yekha. Ena onse amakhala ololedwa mpaka mutawatseka. Ine ndinatseka gulu la njira zolemerera msanga, la zibwenzi, la nkhani zokhudza kugonana, la zithunzi zoonetsa thupi, la mankhwala ochepetsa thupi, la zamaula ndi zamatsenga, ndiponso la ngongole za anthu wamba, pakuti sindikufuna kuti wophunzira wa Fomu 4 aphunzire za katapira wa pa foni pamene anabwera kudzaphunzira masamu. Ndinatsekanso gulu la masewera ofanana ndi a kasino amene sabetcheramo ndalama zenizeni. Gulu limeneli anthu ambiri amalidumpha poganiza kuti ndi masewera chabe, koma aliyense amene amaphunzitsa anyamata masiku ano akudziwa mmene kandege kalowerera m'masukulu, ngakhale kuti lamulo sililola munthu wosakwana zaka 18 kutchova juga, ndipo masewera oyeserera aja ndi amene amazolowetsa diso ndi chala.

Pa magulu awiri ndinaima nthawi yaitali. Gulu la ndale ndinalitseka dziko likuyandikira chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, osati chifukwa ndale n'zoipa, koma chifukwa makolo a ophunzira anga ali m'zipani zosiyanasiyana, ndipo kholo loona nkhope ya wandale pamwamba pa manotsi silingaganize za okushoni, lingoti aphunzitsi awa ndi a chipani chakuti. Gulu la zachipembedzo ndinalisiya lotseguka, ngakhale kuti mmenemo mumadutsira mauthenga ena olonjeza zozizwitsa pa mayeso, ndipo amenewo ndimawaletsa mmodzimmodzi akaoneka. Wina akhoza kusankha mosiyana ndi ine pa magulu awiriwa, ndipo sindingamutsutse.

Ndi bwino kudziwa kuti kuika mauthenga m'magulu amenewa kumachitidwa ndi makina, kumagwira pa mauthenga a m'zinenero zingapo zokha, ndipo otsatsa achinyengo amadziwa kuzemba. Wogulitsa zolosera zotsatira za mpira salemba mawu oti kubetcha, amalemba kuti ndi uphungu wa zamasewera. Wa njira zolemerera msanga amadzitcha sukulu ya zamalonda, ndipo pa webusayiti ya maphunziro ngati yanga amalowa mosavuta chifukwa mawu ake amafanana ndi anga. Ichi n'chifukwa chake kutseka magulu sikuchotsa ntchito yoyendera Ad review center, kumangoichepetsa kuti ikhale yotheka kwa munthu amene ali ndi makalasi oti aphunzitse ndi mapepala oti achonge.

Pali mtundu wina wa mauthenga umene unandisautsa kuposa onse, ndipo mwini webusayiti aliyense amene amapereka mafayilo a PDF adzakumana nawo. Ndi uthenga umene chithunzi chake ndi batani lalikulu lobiriwira lolembedwa kuti Download kapena Start, lopanda china chilichonse chosonyeza kuti ndi malonda kupatula kachizindikiro kakang'ono pakona. Wophunzira wofuna manotsi amadina batanilo, n'kupezeka kuti waika pulogalamu yosadziwika pa foni ya amayi ake, kapena walembetsa zinthu zodya mayunitsi tsiku ndi tsiku, bandulo imene anagula yowerengera n'kutha asanaone manotsi. Apa ndinachita zinthu zitatu pamodzi. Ndinatseka gulu la mapulogalamu odawuniloda, limene pa mndandanda uja limatchedwa Downloadable utilities, ndinafufuza mawu oti download mu Ad review center n'kuletsa ndi kunena onse ooneka ngati mabatani, ndipo ndinasuntha malo a malonda kuti atalikirane ndi batani langa lenileni. Chachitatuchi n'chofunika pa chifukwa chinanso, pakuti malamulo a AdSense amaletsa kuika malonda pamalo pochititsa anthu kudina mwangozi, ndipo zikatero wolakwa amakhala mwini webusayiti, osati wotsatsa.

Tsopano ndibwere ku nkhani ya opikisana nawo, imene ndi yovutirapo chifukwa mtima umafuna china pamene masamu akunena china. Chida chake ndi mndandanda wa Advertiser URLs, umene kale unkatchedwa Competitive Ad Filter, ndipo umalola kulemba maadiresi mpaka 500 a otsatsa amene simukuwafuna. Kalembedwe ka adiresi kali ndi tanthauzo. Mukalemba dzina la webusayiti lokha, popanda www kutsogolo ndi popanda china kumapeto, mumaletsa mauthenga onse opita ku webusayiti imeneyo ndi nthambi zake zonse, pamene mukalemba adiresi yaitali ya tsamba limodzi mumaletsa okhawo opita ku tsamba limenelo. Kwa wopikisana naye amene ali ndi webusayiti yakeyake, njira yoyamba ndiyo yabwino. Koma ambiri ophunzitsa pa intaneti alibe webusayiti, mauthenga awo amapita ku pulogalamu yawo ya pa Google Play, ku tsamba lawo la pa Facebook kapena ku mavidiyo awo a pa YouTube. Apa muyenera kusamala kwambiri, chifukwa mukalemba play.google.com yokha ndiye kuti mwaletsa wotsatsa aliyense wa pulogalamu ya pa foni, amene ndi ambiri zedi kwa owerenga ogwiritsa ntchito mafoni a Android ngati anga. Muyenera kukopera adiresi yonse ya pulogalamu imodziyo kuchokera mu Ad review center, kapena kuletsa akaunti ya wotsatsayo kumene. Zimene mwaletsa sizisiya kuoneka nthawi yomweyo, zimatha kutenga mpaka maola 24, choncho musathamangire kuwonjezera zoletsa zina poganiza kuti zoyamba sizinagwire.

Nditaletsa gulu lija lophunzitsa pa mtengo wotsika, pamalo pake panabwera lina, ndipo nditaletsa limenelo panabweranso lachitatu la kudziko lina, lophunzitsa silabasi yosiyana ndi yathu. Pamenepa m'pamene munthu amayesedwa kuti angotseka gulu lonse la ntchito ndi maphunziro pa mndandanda wa General categories, nkhani ithe. Mwamwayi mndandandawo umaonetsa, pambali pa gulu lililonse, gawo la mauthenga ndi gawo la ndalama limene gululo labweretsa pa masiku 30 apitawo, ndipo nditayang'ana ndinapeza kuti gulu la maphunziro ndilo linali patsogolo pa magulu onse pa webusayiti yanga. Zimenezi sizodabwitsa, pakuti amene amafunitsitsa maso a wophunzira wa sekondale ndi wogulitsa maphunziro. Komanso m'gulu lomwelo muli makoleji, mayunivesite, ogulitsa mabuku ndi olengeza za mwayi wa maphunziro, amene sapikisana nane konse ndipo ophunzira anga akhoza kupindula nawo. Kutseka gulu lonse kukanakhala kuthamangitsa ogula abwino ambiri chifukwa cha anthu awiri kapena atatu.

Ndinayamba kudzifunsa funso lina: kodi wopikisana naye amandipweteka ali pa tsamba liti? Wophunzira amene akuwerenga za malamulo a Newton sakufuna kugula kanthu nthawi imeneyo, ndipo uthenga wa sukulu ina ukaoneka pamenepo, sukuluyo ikundilipira chifukwa chongooneka, iye n'kupitiriza kuwerenga. Koma kholo limene latsegula tsamba la mitengo ya makalasi lagwira kale foni kuti litumize ndalama, ndipo kuliwonetsa mtengo wa wina pa mphindi imeneyo ndi kudzichotsera ndekha wophunzira. Malipiro a mwezi umodzi a wophunzira mmodzi amaposa kutali zimene tsamba limenelo lingabweretse kuchokera ku malonda pa nthawi yaitali, makamaka poti otsatsa salipira zambiri pofuna owerenga a ku Malawi poyerekeza ndi a ku Ulaya kapena ku America. Yankho linali losavuta kuposa mndandanda wa maadiresi 500: ndinachotseratu malonda onse pa tsamba la mitengo, pa tsamba lolembetsera ndi pa tsamba lofotokoza za ine. Amene mumagwiritsa ntchito Auto ads, njira imene Google imadziikira yokha malonda pamene yaona kuti m'poyenera, muli ndi malo olembapo masamba kapena zigawo za webusayiti zimene simukufuna kuti malonda aonekepo, ndipo amene munaika malo a malonda pamanja mungochotsa kachidindo kake (code ya AdSense) pa masamba amenewo.

Nditachita zimenezi, mndandanda wanga wa opikisana nawo unatsala waufupi. Ndinasiyapo okhawo amene amaphunzitsa silabasi ya MSCE yeniyeni kwa ana a kuno, chifukwa amenewo angathedi kunditengera wophunzira ngakhale pa tsamba la manotsi, ndipo ena onse ndinawamasula kuti abwerere mu okushoni. Kunena zoona, pali mbali ina ya mtima wanga imene imati mphunzitsi sayenera kubisira mwana mphunzitsi wina, koma webusayitiyi imalipiridwa ndi makalasi amadzulo, ndipo manotsi aulere sangakhalepo makalasiwo atagwa.

AdSense ili ndi gawo la Experiments limene limalola kuyesa musanasankhe. Mumanena gulu limene mukufuna kuletsa kapena kulola, ndipo owerenga amagawidwa pawiri, ena n'kuona mauthenga monga mwa kale, ena monga mwa kusintha kwatsopano, kenako mumayerekeza ndalama za mbali ziwirizo. Ndinayesa njira imeneyi pa gulu la zamafashoni, limene linkandibweretsera zithunzi zina zosandisangalatsa, koma webusayiti yaing'ono ngati yanga imafuna nthawi yaitali kuti zotsatira zikhale zodalirika, ndipo chiwerengero cha owerenga anga chimakwera mayeso akayandikira n'kugwa akatha, kotero kuyerekeza mwezi ndi mwezi pamaso chabe kumanamiza. Pa magulu okhudza chitetezo cha ana sindinayese kanthu, chifukwa ngakhale zotsatira zikanaonetsa kuti ndikutaya ndalama, sindikanawatsegula.

Si uthenga uliwonse woipa umene umachokera ku malo anu a malonda, ndipo kudziwa zimenezi kungakupulumutseni ku masiku ofufuza pachabe. Bambo wina ananditumizira chithunzi cha uthenga wamanyazi wodzaza sikirini yonse, ali okwiya ndithu, nati webusayiti yanga ndiyo yawaonetsa. Ndinafufuza mu Ad review center osaupeza, ndipo nditayang'anitsitsa chithunzicho ndinaona kuti uthengawo unalibe kachizindikiro ka pakona kamene mauthenga a Google amakhala nako. Nditawafunsa mwaulemu ngati zimenezi zimachitikanso akatsegula mawebusayiti ena, anavomera kuti zimabwera ngakhale akungoyang'ana zithunzi za m'foni. Gwero lake linali pulogalamu ina yaulere imene mwana wawo anaika, ndipo itachotsedwa vutolo linatha. Gwero lina limene anzanga ogwiritsa ntchito WordPress, pulogalamu yopangira mawebusayiti, akumana nalo ndi ma theme ndi mapulagini olipira (zowonjezera zosintha maonekedwe ndi kagwiridwe ntchito ka webusayiti) amene anthu amagawana mwaulere atawathyola, pakuti ena mwa amenewa amabwera ndi zidindo zobisika zoika malonda a munthu wina pa webusayiti yanu, kapena zotumiza owerenga kwina. Palibe batani la mu AdSense limene lingaletse zimenezo, muyenera kuchotsa pulagini yeniyeniyo. Chimodzimodzi, mukawonjezera kampani ina yotsatsa pambali pa AdSense pofuna ndalama zambiri, zoletsa zanu za ku AdSense sizigwira ntchito pa malo a kampani inayo, ndipo makampani ena amene amalandira aliyense mosafunsa zambiri amadalira mauthenga omwewo amene mukuwathawa.

Ena amandifunsa ngati fayilo ya ads.txt imathandiza kusefa. Fayilo imeneyi, imene bungwe la IAB Tech Lab linayambitsa mu 2017, ndi yofunika ndipo ndili nayo, koma ntchito yake ndi kunena makampani amene ali ndi chilolezo chogulitsa malo a malonda a pa webusayiti yanu, kuti achinyengo asamagulitse m'dzina lanu. Siisankha mtundu wa mauthenga. Chimene chili pafupi ndi kusefa ndi mndandanda umene kale unkatchedwa Ad networks, wa makampani ena ovomerezeka amene amapikisana nawo mu okushoni ya AdSense. Mukaona mu Ad review center kuti mauthenga oipa ambiri akudutsira ku kampani imodzi, mukhoza kuitseka yokhayo, koma kutseka onse n'kuchepetsa ogula popanda chifukwa. Pofuna kudziwa zambiri za wotsatsa amene ndikumukayikira, ndimalemba dzina lake kapena adiresi yake mu Ads Transparency Center, malo amene Google inatsegula mu 2023 oonetsa mauthenga amene otsatsa otsimikiziridwa akufalitsa, ndipo ndikaona kuti munthu wodzitcha sukulu akutsatsanso zolosera mpira ndi mankhwala a mphamvu, sindifunikanso umboni wina.

Kupatula zimene uthenga ukunena, palinso kaonekedwe kake. Pa Auto ads pali mtundu wa malonda odzaza sikirini yonse pamene munthu akuchoka pa tsamba lina kupita pa lina, wotchedwa vignette, ndi wina womatirira m'munsi mwa sikirini, wotchedwa anchor. Woyambawo ndinauzimitsa, ngakhale kuti umalipira bwino, chifukwa wophunzira amene akuchoka pa funso kupita ku yankho lake amasokonezeka maganizo, ndipo pa foni yaing'ono kabatani kotsekera kamavuta kukapeza. Wachiwiri ndinausiya, ndipo ndinachepetsa chiwerengero cha malonda pa tsamba lililonse, poganizira kuti owerenga anga ambiri amagula bandulo ya tsiku limodzi ndipo uthenga uliwonse wa vidiyo umadya gawo lake.

Masiku ano ndimalowa mu Ad review center kumapeto kwa sabata, ndipo mayeso akayandikira ndimalowamo pafupipafupi, pakuti nthawi imeneyo m'pamene amachuluka olonjeza mapepala a mayeso obedwa, amene ndi bodza loberapo ana ndalama komanso mlandu kwa wophunzira wogwidwa nawo. Ndimayamba ndi mauthenga amene aoneka kwambiri, ndimalemba mawu ochepa amene ndikudziwa kuti achinyengo amakonda, monga a kupambana, a ngongole yachangu ndi a mayeso otuluka, kenako ndimaika chizindikiro pa amene ndawaona kuti sabata yotsatira ndiyambire pa atsopano. M'munsi mwa tsamba lililonse ndinalembamo chiganizo chouza makolo ndi ophunzira kuti akaona uthenga wosayenera asaudine, ajambule sikirini, anditumizire pamodzi ndi dzina la tsamba limene anali kuwerenga ndi dziko limene ali, chifukwa popanda zinthu zitatu zimenezi uthenga wa ku Johannesburg sindingaupeze ndili ku Lilongwe.